Buku la nthano zoseketsa kapena masewera ake a patebulo?

Pakati pa achinyamata olankhula Chichewa ku Mbare ndi ku Highfield muno mu Harare, okonda nthano za ankhondo, amatsenga ndi zinjoka angasankhe buku loseketsa lochokera m'masewera a patebulo, kapena kusewera masewerawo okha. M'masewerawa aliyense amasewera ngati munthu wa m'nthano, ndipo madayisi ndiwo amanena ngati zimene akufuna kuchita zatheka. Otchuka kwambiri ndi Dungeons & Dragons, amene Gary Gygax ndi Dave Arneson anatulutsa mu 1974.

Buku limangofuna inu nokha, ndipo mukhoza kuliwerenga m'kombi popita m'tauni. Masewera amafuna anthu anayi kapena asanu, mapepala, mapensulo, madayisi ndi wotsogolera nthano amene ayenera kukonzekeratu anzake asanafike, ntchito imene ambiri amaizemba.

Pa mtengo, buku logula kwa wina amene analiwerenga kale silidula kwenikweni. Malamulo oyambira a masewerawa amapezeka kwaulere pa intaneti, koma mabuku ake akuluakulu ndi okwera mtengo.

Kusiyana kwakukulu kuli pa nthabwala. M'buku, wolemba anazikonza kale, ndipo mukalimaliza basi kwatha. Patebulo zimabadwa pomwepo: dayisi la mbali 20 likagwera pa 1, wankhondo amene amadzitama uja amapunthwa pakhomo la mfumu lupanga lili m'manja, ndipo anzanu amakukumbutsanibe miyezi ingapo. Kwa ine, phwete la mtunduwu buku silingalifikire.

Buku likuyenera wogwira ntchito ya mashifiti amene sangalonjeze Loweruka lililonse. Masewera akuyenera amene ali ndi anzake osaphonya tsiku.