Mpunga wa nkhuku wa pangolo ku Manhattan ndiwokoma, koma wophikayo akufinyidwa

Amene muli kuno ku New York kapena mukubwera kudzacheza, musataye ndalama zanu zonse mmalesitilanti, pitani pangolo za halal zomwe zili mbali mwa msewu ku Midtown, dera la pakati pa Manhattan. Ine ndimagula pa ina yake chakufupi ndi Sixth Avenue, dzina sinditchula chifukwa zina ndinene apa zitha kumuika mmavuto bambo wake.

Chakudya chake ndi mpunga wachikasu, nkhuku yoduladula yokazinga pachitsulo chotentha, letesi pang'ono, buledi wa pita kenako sosi woyera uja pamwamba. Madola 10 basi ndipo mbale imadzadza mpaka chivindikiro kukanika kutsekeka, ngati simudya kwambiri zotsala mudyanso madzulo. Nkhuku ndi yofewa, mchere ndi wokwana, mpunga suphatikana. Sosi wofiira yekha chenjerani naye, kambuzi amachepa, muuzeni adontheze pang'ono chabe. Chomwe sindikonda ndi letesi, nthawi zina amakhala atafota ndi kutentha kwa mpunga, komanso pokhala palibe nde mumadya choimirira kaya kusaka benchi, nthawi yachisanu sizocheza. Layini ya masana imatalika koma imayenda msanga. Ngolo zoterezi zinatchuka ndi The Halal Guys, anthu a ku Egypt omwe anayamba mu 1990 pa 53rd Street, makasitomala awo ambiri anali madalaivala a taxi achisilamu osowa kodyera.

Za ukhondo musade nkhawa kwambiri, yang'anani sitika pangolopo. Kuchokera kumapeto a 2018 a zaumoyo a mzindawu amayendera ngolo ndi ma food truck nkupereka giredi ya ukhondo A, B kapena C ngati mmene amachitira ndi malesitilanti, yomwe ndimagulayi ili ndi A. Wogulitsa amayenera kuchita kosi ya kasamalidwe ka chakudya nkukhala ndi laisensi yakeyake yachithunzi, ndipo ngolo sikagona kunyumba ayi, imabwerera ku commissary komwe amakaitsuka ndi kusungako zinthu. Ngakhale poima pali malamulo, isayandikire khomo la nyumba kuposa mafiti 20, isaime pamalo okwerera basi. Izi ndikugwirizana nazo ndithu, munthu umadya mtima uli mmalo.

Koma nkhani ya pemiti ndi imene imandipweteka. Laisensi ndi ya munthu, pemiti ndi ya ngolo, ndipo chiwerengero cha mapemiti mzinda unachitseka kalekale cha mma 1980, a chaka chonse anangotsala pafupifupi 3,000 mumzinda wa anthu oposa 8 miliyoni. Nde chinachitika nchiyani, amene anapeza kale anangokakamira, ena sagulitsanso nkomwe, amangobwereketsa mwamseri. Kuboma pemiti ya zaka ziwiri ndi madola 200 koma kumbali anthu amalipira 15,000 mpaka kupitirira 20,000. Bambo amene amandiphikirayu ndi mmodzi mwa obwereka, amaima maola ambirimbiri pamoto, mvula kaya chisanu, ndalama yoyamba nkupita kwa munthu amene wangokhala kunyumba ndi pepala. Zimenezi ndi zachilungamo? Ndipo amayi ogulitsa churros (zokazinga zangati madonasi aatali) ndi mango mmasiteshoni a sitima zapansi pa nthaka omwe alibe pepala lililonse ndi amene amalipitsidwa faini ndi kulandidwa katundu, chikhalirecho atapempha pemitiyo sangaipeze.

Mu 2021 khonsolo inavomera kuonjezera mapemiti 445 chaka chilichonse kwa zaka 10 kuyambira 2022, ndipo lamulolo limafuna kuti mwini pepala azipezeka yekha pangolo, cholinga kuthetsa zobwereketsazi. Ganizo labwino koma anthu odikira ndi masauzande, 445 pachaka anali ochepa zedi. A bungwe la Street Vendor Project, loimira ogulitsa malonda mmisewu, akhala akumenyera nkhani yomweyi kwa zaka.

Ndikupereka nyenyezi 4 pa 5, imodzi yachoka chifukwa cha letesi ndi kusowa pokhala. Tengani kashi ngakhale ambiri pano akulandira khadi, pitani isanakwane 12 kapena ikadutsa 2 koloko, ndipo ngati muli nayo dola yapadera ponyani mkabotolo ka tip kali pawindopo.