Paipi ya power steering ikadontha: yatsopano, kukafinyitsa yakale, kapena mankhwala a m'botolo?

Anzanga amene amadziwa kuti galimoto ndimakonza ndekha akhala akundifunsa funso lomwelomwelo: chiwongolero chayamba kulira, pansi pa injini pakuoneka timadontho ta mafuta, ndigule chiyani? Ndiye ndati ndiyankhe kamodzi, aliyense azidziwerengera yekha.

Musanatulutse ndalama, dziwani kuti mapaipi a power steering, makina ofewetsa chiwongolero, alipo awiri ndipo ntchito zawo n'zosiyana. Imodzi imachoka pa pampu kupita ku raki (chitsulo chokhotetsa matayala akutsogolo), ndiyo yonyamula pulesha. Mukakhotetsa chiwongolero mpaka kumapeto, pulesha ya mmenemo imatha kupitirira 1,000 psi. Inayo imangobweza mafuta ku kathanki ndipo imagwiridwa ndi makalampu basi. Ngati ikudontha ndi yobwezayi, palibe chokambirana: gulani paipi ya labala yopirira mafuta otentha a gearbox, ikani ndi makalampu atsopano. Ya madzi ayi, mafuta amaifewetsa. Mkangano wonse uli pa ya pulesha.

Kuti mupeze pamene pakudontha, pukutani paliponse, mnzanu alize injini n'kumakhotetsa chiwongolero, inu muziyang'ana ndi tochi. Pofufuza kabowo gwiritsani ntchito kachidutswa ka katoni, osati chala, chifukwa mafuta otuluka ndi mphamvu pakabowo kakang'ono amatha kuboola khungu. Kawirikawiri mupeza kuti pakunyowa ndi pamene labala imalumikizana ndi chitsulo, pa crimp. Nthawi zinanso paipi imakhala ilibe mlandu, wolakwa ali ka O-ring (kamphete ka labala kotsekera mafuta) ka pa pampu, ndiye onetsetsani kaye.

Mankhwala a m'botolo aja olembedwa kuti amaletsa kudontha ntchito yawo ndi kufufumitsa ma seal ouma, timalabala totsekera mafuta. Paipi yong'ambika sangaisoke, crimp yolekera sangaimange. Tepi, guluu, waya ndi zingwe za labala nazo musataye nazo nthawi: mukangokhotetsa kamodzi pamalo oimika galimoto, zonse zimasomphoka. Ndipo mafuta amenewa amayaka akagwera pa ekizozi yotentha, amawononganso lamba ndi alternator akamathira pamenepo. Paipi yochotsedwa ku galimoto ina yakufa imalowa bwinobwino, zoona, koma labala yake yakalamba mofanana ndi yanu. Kuli ngati kusinthanitsa nsapato yobooka ndi ina yotsala pang'ono kubooka.

Tsono zatsala njira zenizeni, ndipo apa ndi pamene ndili ndi chakukhosi.

Paipi yatsopano yotchipa, imene pabokosi pake amalemba mndandanda wautali wa magalimoto amene akuti imalowa, ndinaigulapo. Poiyang'ana patebulo inkafanana ndi yakale. Vuto linaonekera pansi pa galimoto. Mbali yachitsulo ya paipi ya pulesha imakhala yopindidwa mwadala kuti idutse pakati pa injini, ekizozi ndi chassis popanda kukhudza kalikonse. Yanga mapindidwe ake anali osemphana pang'ono chabe, koma pang'onopo panachititsa kuti nati ya ku raki ifike chopendekera. Raki zambiri thupi lake ndi la aluminiyamu, ma thread ake (timizere topoterapo nati) ndi ofewa. Mukakakamiza nati yopendekera ndi sipanala, mwadya ma thread, ndipo vuto la paipi lasanduka vuto la raki yonse. Ndinachita kupinda chitsulocho ndi manja pang'onopang'ono, mtima uli m'mwamba, mpaka nati inayamba kulowa ndi zala.

Sizinathere pomwepo. M'bokosimo munalibe mawashala amkuwa a pa banjo bolt (bauti yobooka mkati yodutsitsa mafuta), munalibenso O-ring, pomwe zinthu zimenezi sizibwerezedwa: washala wamkuwa akafinyika kamodzi, ntchito yake yatha. Kabulaketi kogwirira paipi ku thupi la galimoto kanali pamalo olakwika, ndiye paipi inkagwedezeka n'kumakhula pachitsulo. Nditaliza injini, chiwongolero chinayamba kung'ung'udza kuposa kale. Mapaipi ambiri a fakitale amakhala ndi kachingwe kapena kachubu mkati kochepetsa kugunda kwa mafuta ochokera ku pampu, ndipo otchipawa ena amangochisiya. Posakhalitsa crimp yake inayambanso kunyowa. Nditaibweza, wogulitsa anati katundu wokhudza mafuta salandiranso. Mtengo wobisika ndi umenewo: mafuta othira kawiri, mawashala ogula padera, tsiku lina logona pansi pa galimoto, ndi paipi yoti sungabweze. Pofika pamapeto kutchipa kuja kunalibenso.

Ndikudziwa kuti si paipi iliyonse yosachokera ku fakitale ya galimotoyo imene ili choncho. Zilipo zabwino, zobwera ndi mawashala ake ndi mabulaketi olondola. Koma ine, ndikaona bokosi lolonjeza kulowa magalimoto ambirimbiri, ndimangolibweza pashelefu.

Njira imene ndimaikonda ndi yotenga paipi yakale kupita nayo kwa anthu opanga mapaipi a mathirakitala ndi makatapila. Iwo amadula labala yakufayo, kusunga zitsulo zakumapeto, kuika labala yatsopano n'kuifinya ndi makina. Ubwino wake ndi umodzi koma waukulu: zitsulozo ndi zanu zomwe, mapindidwe ake ndi omwe aja, ma thread ndi omwe aja, ndipo ngati pali malo omangira switch ya pulesha, alipobe. Paipi imabwerera pamalo pake popanda ndewu. Koma muwauze kuti ndi ya power steering. Paipi ya hydraulic yolukidwa ndi waya wachitsulo ndi yolimba zedi, koma situkumuka, choncho phokoso lonse la pampu imalifikitsa m'manja mwanu. Asanadule, lembani mzere wosonyeza mmene zitsulo ziwirizo zayang'anirana, chifukwa akafinya mopotoka simungazitembenuzenso. Akamaliza, aipemerere mkati kuti tizidutswa ta labala tisakalowe mu raki. Ndipo ngati chitsulocho chadyeka ndi dzimbiri, palibe chopulumutsa, njira imeneyi si yanu.

Paipi yeniyeni ya fakitale ilibe chotsutsa kupatula mtengo ndi kudikira. Ngati galimoto mukufuna kukhala nayo zaka zambiri, kapena paipi yake ili pamalo ovuta oti simukufuna kudzafikakonso, gulani imeneyo musayang'ane kumbuyo. Apo ayi, kafinyitseni yakale. Yotchipa ija ndimaiona kuti ndi yoipa kuposa yochotsedwa ku galimoto yakufa, ngakhale ndikudziwa kuti ena mutsutsa.

Njira iliyonse mwasankha, kumanga kwake n'kumodzi. Galimoto ikhale pa ma stand, osati pa jeki yokha. Nati za paipi masulani ndi sipanala ya mapaipi, yogwira pafupifupi mbali zonse, chifukwa yakukamwa wamba imazitafuna. Nati iliyonse yambitsani ndi zala, sipanala ibwere pomaliza. Pa banjo bolt mawashala amakhala awiri, wina pamwamba wina pansi. Mafuta werengani pachivindikiro cha kathanki kapena m'buku la galimoto: ena amafuna ATF (mafuta a gearbox ya otomatiki), Honda imafuna mafuta akeake, ndipo magalimoto ambiri a ku Ulaya amafuna obiriwira aja a CHF 11S. Musasakanize.

Kenako chotsani mpweya. Matayala akutsogolo ali m'mwamba, injini yozima, khotetsani chiwongolero pang'onopang'ono kumapeto uku ndi uko kambirimbiri, mukuwonjezera mafuta akatsika. Thovu likasiya kutuluka, lizani injini, bwerezaninso, koma chikafika kumapeto, osakanikiza chiwongolero kwa masekondi ambiri. Mafuta akachita thovu, zimitsani, dikirani kuti akhazikike. Pampu ikamalirabe mpweya utatha ndipo paliponse pali pouma, ndiye kuti inayenda nthawi yaitali mafuta ali ochepa, ndipo paipi yatsopano, kaya ndi ya mtundu wanji, singaichize.