The Sound and the Fury: Buku Lofuna Kuleza Mtima

Ndinagula buku la William Faulkner lotchedwa The Sound and the Fury chifukwa cha kutchuka kwake, popeza linasindikizidwa mu 1929 ndipo mlembi wake analandira mphoto ya Nobel ya chaka cha 1949. Ndinene mosabisa kuti masamba oyambirira anandizunguza mutu, moti ndinalisiya kawiri ndisanalimalize.

Bukuli likusimba za kugwa kwa banja la a Compson a ku Jefferson, m'chigawo cha Mississippi ku America, ndipo lili ndi magawo anayi. Gawo loyamba, la pa 7 Epulo 1928, tikulimva kudzera m'maganizo a Benjy, bambo wa zaka 33 amene ali ndi vuto la ubongo ndipo salankhula. Kwa iye zakale ndi zalero n'zosasiyana. Akamva osewera gofu akuitana wowanyamulira ndodo, amene pa Chingerezi amatchedwa "caddie", liwulo limamveka ngati dzina la mlongo wake Caddy, ndipo nthawi yomweyo nkhani imabwerera zaka zambiri m'mbuyo popanda kukudziwitsani. Maina nawonso amasokoneza, chifukwa Quentin ndi mchimwene wa Caddy komanso ndi mwana wamkazi wa Caddy yemweyo, Jason ndi bambo komanso mwana wawo, ndipo Benjy ali wamng'ono ankatchedwa Maury, dzina la malume ake.

Chimene chinanditsegula maso n'kuzindikira kuti mlembi anasiya zizindikiro. Zilembo zopendekera kawirikawiri zimasonyeza kuti nthawi yasintha, ndipo amene akusamalira Benjy ndiye akukuuzani chaka: Versh ali naye paubwana, T.P. atasinkhukirapo, ndipo Luster mu 1928. Faulkner ankafuna kuti gawoli lisindikizidwe ndi inki yamitundumitundu, zimene kampani yosindikiza mabuku ya Folio Society inadzachita mu 2012 ndi mitundu 14. Nditabwereza ndi pensulo m'manja, ndinaona kuti chisokonezocho chili ndi cholinga, chifukwa ndinamva chisoni cha munthu amene sadziwa kuti mlongo wake anapita kalekale, ndipo amangomudikirabe pachipata.

Dandaulo langa lili pa gawo lachiwiri, la pa 2 Juni 1910, tsiku limene Quentin, mchimwene wa Caddy, wophunzira pa yunivesite ya Harvard, akukonzekera kudzimiza mumtsinje. Cha kumapeto kwake mipumiro ndi zilembo zazikulu zimasowa, ndipo mawu a bambo ake amasakanikirana ndi ake kwa mizere yambiri, moti sindinkadziwa amene akulankhula. Ndikumvetsa kuti cholinga n'choonetsa maganizo a munthu amene wataya chiyembekezo, koma ndikuona kuti apa mlembi anasenzetsa wowerenga katundu wolemera mopitirira muyeso, ndipo m'malo momvera chisoni mnyamatayo ndinangotopa.

Gawo lachitatu, la Jason, mchimwene wina wa Caddy, n'lomveka ngakhale mwiniwakeyo ndi wankhanza, ndipo lomaliza, la Lamlungu la Pasaka, likutsatira Dilsey, mayi wachikuda wogwira ntchito m'nyumbamo, m'kalembedwe kosavuta kutsata.

Amene mukufuna kuligula, sankhani lomwe lili ndi mawu owonjezera onena za mbiri ya banjali, amene Faulkner analemba mu 1945, ndipo lembani maina a anthu papepala musanapite patali. Chondiwawa mpaka lero n'chakuti Caddy, amene alongo ake atatu onse akumuganizira, sanapatsidwe gawo lakelake loti adzilankhulire.