Buku la buluu la galamala ndi labwino, koma wogulitsa uja anandidyera ndalama

Pa ndemanga yangayi ndikupereka nyenyezi ziwiri basi, ndipo ziwirizo ndi za bukulo, osati za mnyamata amene anandigulitsa. Ndikunena English Grammar in Use la Raymond Murphy, la chikuto cha buluu lija, la anthu amene Chingerezi timachimva bwinobwino koma chimatipinga tikafuna kulemba kalata ya kuntchito. Ndinaliona pa Facebook akulitsatsa pa K25,000, ndinatumiza ndalama pa foni, n'kukalitenga pa kashopu kawo ku Limbe litakulungidwa kale m'pulasitiki.

Kufika kunyumba, ndi fotokope. Chikuto chokha ndiye chamitundu, m'katimo inki yachita kuzimiririka. Zimenezo ndikanapirira, tonse tikudziwa kuti lenilenilo la Cambridge silingapezeke pa mtengo umenewo. Chimene chinandipsetsa mtima n'chakuti mayankho mulibe. Bukuli limasindikizidwa mitundu iwiri, lina la mayankho kumapeto, lina lopanda mayankho lomwe ndi la m'kalasi mokhala mphunzitsi. Pachikuto cha langa palembedwa poyera kuti "with answers", koma masamba a mayankhowo sanawajambule, kuteteza mapepala. Tsono buku lonseli analikonza kuti munthu aziphunzira payekha: tsamba lakumanzere akufotokoza lamulo, lakumanja ndi ntchito yoti ulembe, mayuniti 145 onse choncho. Ukalemba, akuchongere ndani?

Loweruka ndinabwerera. Mnyamatayo anali pa foni, anangondikodola ndi chibwano kuti ndidikire. Atamaliza ndinamutsegulira kumapeto kwa bukulo, ndati, "Achimwene, mayankho ali kuti apa?" Iye osachita manyazi n'komwe, akuti, "Amayi, mayankho amapangitsa ulesi. Munthu wofuna kuphunzira safuna mayankho." Ine mayi wa ana atatu kuuzidwa zaulesi ndi mwana amene waba masamba! Ndati ndibwezereni ndalama zanga, akuti katundu akatuluka sabwerera, n'kuloza kapepala komatidwa kuseri kwa chitseko, malo oti wogula sangaone. Kenako akuti ndiwonjezere K5,000 andijambulire mayankhowo padera. Apo m'pamene ndinadziwa kuti masambawo ali nawo, amachita kuwachotsa dala kuti ugule kawiri. Bambo wina amene ankagula makope a ana anangopukusa mutu n'kutuluka osagula. Ine sindinapereke ngakhale tambala. Mayankho ndinajambula pa foni kuchokera m'buku la mnzanga wa kuntchito.

Zithunzi nazonso ndi vuto. Ntchito zina umayenera kuyang'ana chithunzi n'kulemba zimene zikuchitika, koma mufotokopemu munthu ndi galimoto zonse zangokhala chibuluma chakuda.

Komabe ndisaname, mkwiyo utatsika ndinapeza kuti bukulo palokha limagwira ntchito. Zaka zonsezi ndinkalemba "I have sent the invoice yesterday" ndipo palibe anandiuzapo kanthu. Murphy amaika present perfect ("I have sent") ndi past simple ("I sent") pafupi, n'kukuonetsa kuti ukatchula nthawi imene inatha kale, monga yesterday kapena last week, umati "I sent". Zikufanana ndithu ndi kwathu kuno, palibe amati "ndatumiza chaka chatha". Mbali ya a, an ndi the ndiyo ndakhalitsapo, poti m'Chichewa timawu totere mulibe ndipo ambirife timangotiponya mwamwayi. Za in, on ndi at nazonso wazitambasula bwino, at 8 o'clock, on Monday, in June, zitsanzo zake zazifupi, osati ndime zotopetsa za m'mabuku athu akale a sekondale. Kumapeto kuli ma phrasal verb, mawu monga get up ndi give up, awo sindinawafike.

Musayembekezere kuti likuphunzitsani kuyankhula kapena kulemba chimangirizo, ndi galamala yokhayokha, ndipo ndi Chingerezi cha ku Britain. Mwana wanga wa Fomu 3 amalibwereka pokonzekera MSCE, koma pa za literature ndi summary silimuthandiza. Amene Chingerezi chikuwavuta kuyambira pansi ayambe ndi lofiira lija, Essential Grammar in Use. Lobiriwira ndi la Martin Hewings, la amene afika patali, musalole akupatseni limenelo ponena kuti n'chimodzimodzi.

Ngati mukugula kwa anyamata a pa Facebook amenewa, ng'ambani pulasitikiyo muli pomwepo, tsegulani kumapeto muone ngati pali masamba olembedwa Key to Exercises, ndipo ndalama muzipereka mutaliona kale. Mnyamata ujayo mpaka lero akulitsatsabe, chithunzi chake chomwe chija cha buku lenileni, ndipo nditalemba ndemanga pansi pake anaifufuta n'kundibuloka.