The Mayflower ku Rotherhithe: mukapita, pitani madzi akukwera

Amalume anga atabwera kudzandiona kuno ku London, ndinkafuna kuwatengera kumalo koti akadye bwino komanso akaone mtsinje wa Thames pafupi, osati kuusuzumira ali pa mlatho. Mnzanga wa kuntchito wobadwira ku Bermondsey, dera loyandikana ndi Rotherhithe, ndi amene anandilozera ku The Mayflower, pub (nyumba yodyera ndi kumwera) ya m'mbali mwa mtsinjewo. Tinapita Lamlungu masana, ndipo chichokereni tsikulo ndabwererako katatu.

Tinakwera sitima pa Whitechapel n'kutsikira pa Rotherhithe. Sitimayo imadutsa pansi pa mtsinje, mu ngalande imene injiniya Marc Brunel ndi mwana wake Isambard anakumba, yomwe inatsegulidwa mu 1843. Kuchokera pa siteshoni ndi pafupi, mapazi okha. Nyumbayo ili mu kamsewu kopanikiza ka Rotherhithe Street, pafupi ndi tchalitchi cha St Mary's.

Amalume ndi mkulu wa mpingo, mowa salawa, ndiye atamva kuti tikulowa mu bala anayamba kukoka miyendo. Koma pub ya ku England si bala monga tikuidziwira kwathu. Titalowa tinapeza banja lathunthu likudya pamodzi ndi agogo awo, galu atagona pansi pa tebulo, ndi abambo awiri achikulire akucheza motsitsa mawu pakona. Mkatimo ndi mochepa, mwa kamdima, matabwa akuda ndi ukalamba, makandulo akuyaka ngakhale kunja kuli kowala. Amalume anaitanitsa madzi a zipatso ndipo palibe anawayang'ana modabwa.

Chimene chimandibweza kumeneko ndi khonde la kuseri. Ndi la matabwa, ndipo analimanga pamwamba penipeni pa mtsinje. Thames ya pamenepa imamvera nyanja yamchere: madzi amakwera ndi kutsika kawiri pa tsiku, ndipo kusiyana kwake kumatha kuyandikira mamita 7. Pofika ife, m'mphepete munkaonekabe matope, miyala ndi zidutswa za njerwa. Patapita maola atatu zonsezo zinali zitamira, madzi akuomba pansi pa mapazi athu. Boti lalikulu likadutsa, mafunde ankathovukira m'mipata ya matabwa, anthu n'kukweza miyendo akuseka. Amalume anakulira ku Mangochi, m'mbali mwa Shire, mtsinje woyenda njira imodzi. Anayang'anitsitsa kamtengo kakuyandama kakulowera kumtunda, kenako anandigwira mkono. "Mphwanga, mtsinjewu ukubwerera kumene wachokera?" Ndinati, "Eya amalume, madzulo mukauonanso ukhala ukutsika." Anakhala duu nthawi yaitali osachotsa maso pamadzi.

Za chakudya ndilankhule mosabisa: chinandikhutitsa. Ine ndinatenga nyama yowotcha ya Lamlungu, imene mabanja a kuno amaidya ngati mwambo. Inali ya ng'ombe, yofewa, yodulidwa mosaumira, pambali pake mbatata ya kachewere yokhuthala chikhokho kunja koma yofewa mkati, karoti, masamba ndi Yorkshire pudding, kachikondamoyo kopanda shuga kofufuma ngati kambale, koti uthiremo msuzi. Msuziwo unali wokoma moti ndinapukuta mbale. Amalume anasankha nsomba ndi tchipisi. Nsombayo amaiviika mu ufa wamadzi asanaikazinge, ndiye inabwera yotentha, chikopa chikuthetheka pansi pa foloko, mnofu woyera mbee. Chigamulo chawo chinali chakuti pa chambo siifika, koma anayamikira kuti munthu umadya osalimbana ndi minga. Ulendo wina ndinalawa payi ya nyama ndi mbatata yosinja, tsiku lamvula, moto ukuyaka mkatimo. Imeneyo ndiyo ndingakulangizeni m'nyengo yozizira.

Dzina la malowa likuchokera ku chombo cha Mayflower, chimene chinanyamuka kuno ku Rotherhithe mu 1620 chisanakatenge ulendo wa ku America kuchokera ku Plymouth ndi anthu 102. Woyendetsa chombocho, Christopher Jones, ankakhala m'dera lomweli ndipo anaikidwa m'manda a pa St Mary's mu 1622. Eni ake a pubyi amati pamalopa pakhala pakugulitsidwa mowa kuyambira cha m'ma 1550, koma dzina la Mayflower linabwera mu 1957. Kale inkatchedwa Spread Eagle and Crown. Chifukwa cha mbiri ya chomboyi mumamva malankhulidwe a ku America pa matebulo ena, ndipo pali buku limene zidzukulu za anthu a m'chombo chija zimalembamo mayina.

Ndinkaopa kuti malo a mbiri yotere adzakhala a alendo okhaokha ojambula zithunzi. Si choncho. Madoko a m'derali a Surrey Docks anatsekedwa mu 1970, nyumba zosungiramo katundu zinasanduka zogonamo anthu, dera lonse linasintha nkhope, koma mkati mwa sabata madzulo mumapeza anthu a m'misewu yomweyi, opatsana moni ndi ogulitsa potchulana mayina. Bambo wina amene tinagawana naye benchi anatiuza kuti atate ake ankatsitsa matabwa m'zombo pa madokowo, ndipo anatilozera tsidya lina la mtsinje, ku Wapping, akutchula nyumba imodziimodzi. Amalume anacheza nawo mpaka tiyi wawo kuzizira.

Ngati mukupita Lamlungu, sungitsanitu tebulo, makamaka mukakhala ambiri, poti malowo ndi ochepa ndipo amakondedwa. Kumwamba kuli chipinda chodyera chokhala ndi mawindo oyang'ana kumtsinje, chabwino kwa achikulire ofuna bata. Musananyamuke onani pa intaneti nthawi imene madzi adzadze, mufike patatsala maola awiri kapena atatu. Tengani jekete ngakhale kuli dzuwa, chifukwa pakhondepo mphepo ya mtsinje imalowa m'mafupa, ndipo chikwama musachiike pansi pa matabwa.