Ndemanga: chimbale cha 50 Cent, Get Rich or Die Tryin' (CD yeniyeni)

Ndikuchipatsa nyenyezi zinayi mwa zisanu.

CD iyi anandibweretsera mlamu wanga kuchokera ku Johannesburg, yeniyeni ya m'chikuto chake, osati zoika pa memori kadi zimene timagula pamsika wa Kasungu. Ndimayiika pa shopu yanga yometera, ndipo kusiyana kwake kumamveka pa besi. Nyimbo ya In da Club imene Dr. Dre anakonza imagunda pachifuwa koma spika siphwera. Ya pa memori kadi ija inkangolira ngati chitini chopanda kanthu.

Chimbalechi chinatuluka pa 6 February 2003 kudzera ku Shady Records ya Eminem ndi Aftermath ya Dr. Dre, pansi pa Interscope. Anachitulutsa msanga chifukwa okopera nyimbo mwakuba anali atayamba kale kuchifalitsa, koma m'masiku anayi oyamba okha chinagulidwa makope 872,000, sabata yotsatira enanso 822,000. Chaka chimenecho palibe chimbale china chinagulidwa kuposa ichi ku America. Ena amati ndi dzina la Eminem linachigulitsa. Ine ndikukana. 50 Cent anamuwombera zipolopolo zisanu ndi zinayi mu 2000, kampani ya Columbia n'kumutaya chimbale chake china cha nthawi imeneyo chisanatuluke. Mukamvera Many Men, mawu ake amatuluka ngati olemera pang'ono, poti chipolopolo china chinamulowa patsaya, ndipo mumamva kuti sakungopeka. Anyamata a kabaza akabwera kudzameta, nyimbo imeneyi ndi yomwe amati "bwezaniponso, bwana", ngakhale ambiri a iwo anali asanabadwe pamene inkatuluka.

21 Questions, imene anaimba ndi malemu Nate Dogg, ndi yofatsa bwino. Iyi ndimayiika ngakhale pali azimayi obweretsa ana.

Chimene chandichotsetsa nyenyezi imodzi ndi kutukwana. Ndi kwambiri, ndipo ana a masiku ano Chingerezi amachimva. Bambo wina atabwera ndi mwana wake wa Sitandade 6 anandiyang'ana diso limodzi, ine n'kusiya makina ometera, kuthamangira kukasintha nyimbo. Chizindikiro cha Parental Advisory pachikutocho musachinyalanyaze. Komanso chimbalechi chinatalika. Nyimbo 19 zachuluka, ndipo zina za kumapeto zimangobwereza nkhani ya mfuti ndi adani imene tamva kale koyambirira. Mwina n'chifukwa chake ku Grammy mphoto ya chimbale cha rapu inapita kwa OutKast.

Ngati mukugulira kumvera nokha m'galimoto, tengani iyi yomweyi. Ngati ndi ya pa shopu kapena mu minibasi, uzani wokutumiziraniyo akupezereni yochotsa zotukwana, ilipo, ndipo ayang'anitsitse chikuto asanalipire.