GED, HiSET, sukulu ya akuluakulu kapena MSCE yanu yomweyo: yankho kwa abale amene mwangofika ku America

Funso ili landikwana, ndiye ndiliyankhe kamodzi kuti aliyense wofunsa ndizingomutumizira zomwezi. Munthu akafika kuno n'kugwirako miyezi ingapo ku nyumba zosamalira okalamba kapena ku fakitale, maso amatseguka. Amaona kuti ndalama yooneka ili ku LPN, yomwe ndi ntchito ya unamwino, kapena ku maphunziro ena a ku koleji, koma khomo lililonse limene wagogoda akumufunsa pepala la high school, kapena la mayeso olowa m'malo mwake monga GED ndi HiSET. Kenako foni yanga imalira: "Achimwene, ndilembe GED kapena HiSET? Nanga zija za pa intaneti zomwe akuti sabata ziwiri basi?"

Musanasankhe mayeso aliwonse, tsegulani kaye chikwama chanu cha mapepala. MSCE muli nayo? Ndaona anthu akukhala pansi miyezi yambiri kuwerengera GED pomwe satifiketi ya MANEB ili phee m'sutikesi. Kwathu timaphunzira zaka 8 ku pulayimale ndi zaka 4 ku sekondale, zonse pamodzi 12, chimodzimodzi ndi mwana wa kuno amene wamaliza Grade 12. Makoleji ambiri amalandira satifiketi yakunja ikaunikidwa ndi bungwe lomwe lili m'gulu la NACES, monga WES kapena ECE. Mtengo wake umazungulira pa madola 100 kapena kupitirirapo, kutengera mtundu wa lipoti. Koma musathamangire kulipira. Pitani kaye ku ofesi yolembera ophunzira pa koleji imene mukufunayo, muwafunse bungwe limene iwo amalikhulupirira, chifukwa lipoti la bungwe lina akhoza kulikankhira pambali ndalama yanu itapita kale.

Njira imeneyi ili ndi minga yake iwiri. Woyamba, imagwira kwa amene ali ndi satifiketi yathunthu, osati kapepala kosonyeza kuti munakhoza maphunziro anayi Chingerezi n'kukugwetsani ndi 9. Wachiwiri ndi dzina. Ngati pa satifiketi munalembedwa dzina lina ndipo pa pasipoti pali lina, kaya chifukwa cha ukwati kaya chifukwa cha nzeru zija zosintha dzina pobwereza Sitandade 8, konzekerani makalata olumbira. Satifiketi ikakhala kuti inatayika, pamafunika m'bale wodalirika woti ayendere nkhaniyo ku MANEB ku Zomba. Zimatenga nthawi, komabe n'zopepuka poyerekeza ndi kuyambiranso algebra muli ndi zaka 38.

Tsopano za pa intaneti zija, pakuti apa ndi pamene pali chilonda changa.

Mlamu wanga analibe MSCE yathunthu. Anaona malonda pa foni: diploma ya high school yovomerezeka, mumalemba muli pabedi panu, simudikira. Mayeso ake anali osankha yankho, ndipo ukasankha lolakwika tsambalo limakupatsa mpata wosankhanso mpaka ulase. Kumapeto anamuuza alembe ntchito zimene anagwirapo pa moyo wake kuti aziwerengere ngati maphunziro. Kugulitsa mu grosale ku Ndirande kunasanduka phunziro la masamu a bizinesi, giredi A. Anakhoza tsiku lomwelo, madzulo ake n'kutiimbira tonse.

Mtengo umene unalembedwa pamwamba unali madola 249. Atalipira, anamuuza kuti imeneyo ndi ya diploma yokha, ndipo koleji idzafuna transcript, pepala losonyeza maphunziro ndi magiredi, imene ili ndi mtengo wakewake. Atalipira imeneyo, panatulukira ya chidindo chagolide. Kenako ya kalata yotsimikizira kwa olemba ntchito. Kenako ya kutumiza mwachangu, chifukwa kalembera wa ku koleji anali pafupi kutsekedwa. Chilichonse chimabwera chikangotha chinzake, munthu utalowetsa kale mwendo, ndipo pofika kumapeto ndalama inali itawirikiza kawiri. Pepala linabwera lokhuthala, lonyezimira, lokongola kuposa digiri ya ku Chancellor College.

Mayi wa ku ofesi ya koleji sanalipende n'komwe kukongolako. Anatenga dzina la sukuluyo, nalifufuza m'kaundula wa maphunziro wa state imene inalembedwa pa adiresi, osalipeza. Anayang'ana bungwe limene amati linaivomereza, n'kupeza kuti nambala ya foni ya bungwelo ndi ya sukuluyo ndi imodzi. Anamubwezera envelopu mwaulemu. Ndalama sinabwerere, koma chimene chinawawa koposa ndi semesita yonse imene inamudutsa, anzake amene anafika nawo limodzi akuyamba makalasi iye akuyambira pa ziro. Ndipo si iye yekha. Mu 2014 bungwe la boma loona za malonda la FTC linatengera ku khoti anthu amene ankayendetsa Jefferson High School Online ndi Enterprise High School Online, omwe ankachita zofananazi: mayeso osalephereka, bungwe lovomereza lodzipangira okha, madola 200 mpaka 300 pa munthu. Anali atatolera madola oposa 11 miliyoni. Ena akatsekedwa ena amatsegula ndi dzina latsopano. Chizindikiro chake n'chosavuta: mayeso enieni a GED mumalembetsa pa GED.com pokha, ndipo pamakhala wokuyang'anirani polemba. Aliyense wokulonjezani pepala popanda woyang'anira akukugulitsani katoni.

Tibwere ku mayeso enieni. Choyamba dziwani kuti pepalalo limaperekedwa ndi state, osati kampani ya mayeso, ndipo state ndi imene imasankha mayeso amene ikuwalandira. Kwina kuli onse awiri, monga ku California, kwina amodzi okha. Ku New York ankalemba TASC kuyambira 2014, koma mayeso amenewo anatha kumapeto kwa 2021 ndipo anabwerera ku GED, komwe anthu okhala mu state imeneyo amalemba osalipira. Ndiye buku la TASC limene mnzanu wakusiyirani lingokuthandizani masamu basi. Amene muli ku Canada, GED inatha kumeneko mu 2024, m'malo mwake munalowa CAEC.

GED ndiye mkulu, inayamba mu 1942 pofuna kuthandiza asilikali amene anasiya sukulu kupita ku nkhondo. Ili ndi mapepala anayi: masamu, Chingerezi, sayansi ndi social studies. Malikisi amayambira 100 kulekeza 200, ndipo mumakhoza ndi 145 pa pepala lililonse. Mukafika 165 makoleji ena sakulembetsaninso mayeso oona kalasi yoyambira, ndipo mukafika 175 ena amakupatsani makirediti. M'ma state ambiri pepala limodzi limakhala pakati pa madola 30 ndi 40. HiSET inabwera mu 2014, chaka chimene GED inasamukira pa kompyuta. Inayambitsidwa ndi bungwe la ETS, pano ikuyendetsedwa ndi kampani ya PSI. Ili ndi mapepala asanu chifukwa Chingerezi anachigawa pawiri, kuwerenga ndi kulemba. Pa mtengo sindikhalitsapo, kusiyana kwake n'kochepa ndipo kumadalira state ndi malo olembera.

Pamene pali kusiyana kwenikweni kwa munthu wochokera kwathu ndi pa zala. GED ndi ya pa kompyuta. Pepala la Chingerezi ndi la mphindi 150, ndipo mkati mwake muli mphindi 45 zoti muwerenge nkhani ziwiri zotsutsana, muone imene ili ndi umboni wolimba, n'kutayipa chimangirizo chofotokoza chifukwa chake. Mwana wobadwira kuno amatayipa osayang'ana. Mayi amene anamaliza Folomu 4 pa CDSS yopanda magetsi amasaka chilembo chilichonse ndi chala chimodzi, ndipo mphindi 45 zimatha ali pa ndime yachiwiri, maganizo ali nawo bwinobwino m'mutu. Mafunso enanso si ongosankha A, B, C. Pali okoka yankho ndi mausi n'kukaliika pamalo pake, pali odina pa girafu, pali olembamo nambala. Munthu amene kompyuta sanaizolowere amalemba mayeso awiri nthawi imodzi, a phunzirolo ndi a makinawo.

HiSET m'malo ambiri imalola kulemba pa pepala ndi pensulo, ndipo mafunso ake ndi osankha yankho kupatula chimangirizo. Kwa ife amene tinakula tikulemba ma composition ndi bolopeni mpaka chala kuchita chithuza, kumeneko n'kwathu. N'chifukwa chake mtima wanga uli ku HiSET, sindibisa. Mlamu wanga uja anadzakhoza kudzera komweko. Koma ili ndi msampha umene anthu sauona. Pepala lililonse limachongedwa pa 20 ndipo mumakhoza ndi 8. Mukawerengera, 8 kasanu ndi 40. Komatu kuti mupatsidwe satifiketi pamafunika 45 zonse pamodzi, kuphatikizapo 2 pa 6 pa chimangirizo. Mukhoza kukhoza mapepala onse asanu mongopulumuka n'kupezeka kuti simunakhoze. Ku GED kulibe zimenezo, 145 kanayi ndiye kuti mwamaliza, ndipo chimangirizo chilibe mzere wakewake wodutsira, chimangolowa m'malikisi a pepala lonse.

Ena amakopeka ndi zoti GED ungathe kulembera kunyumba pa intaneti, woyang'anira akukuona pa kamera. Zoona, koma werengani malamulo ake. Muyenera kuyamba mwalemba mayeso oyeserera a GED Ready, amene amalipiridwa pawokha madola 7 kapena 8 pa phunziro, n'kupeza malikisi obiriwira, osonyeza kuti mwakonzeka kukhoza, m'masiku 60 apitawo. Chipinda chikhale chotseka, patebulo popanda kanthu, munthu asalowe. Ambiri a ife timakhala anayi kapena asanu m'nyumba imodzi, wina akuchokera ku shifiti ya usiku, mwana akufuna phala. Chitseko chikangotseguka mayeso akhoza kuthera pomwepo. Pitani ku malo olembera, mulipire mafuta a galimoto, mutu ukhale pamodzi.

Zimene zili m'mayesomo n'zofanana ndithu mbali zonse ziwiri. Masamu sapitirira a MSCE, ndipo amakupatsani pepala la mafomula. Chimene chimapunthwitsa ndi miyeso: mainchi, mafiti, mapaundi, magaloni, Fahrenheit. Funso losavuta la kapeti wa m'chipinda limasanduka phiri ngati simukudziwa kuti fiti imodzi ndi mainchi 12 ndipo yadi ndi mafiti 3. Gulani kakyuleta ya TI-30XS msanga muizolowere, ndi imene imagwiritsidwa ntchito pa GED, ndipo mabatani ake a mafulakishoni sali pamene Casio yathu inawaika. Sayansi makamaka ndi kuwerenga matebulo ndi magirafu.

Social studies ndi imene anthu amaiopa, ine ndimati mantha ake ngopitirira muyeso. Ife tinaphunzira za John Chilembwe ndi 1915, za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Kuno akufunsani za Constitution, nthambi zitatu za boma, Bill of Rights, nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, Martin Luther King Jr. Pa GED pafupifupi theka la pepalali ndi za kayendetsedwe ka boma. Koma safuna kuloweza madeti monga ankatichitira aphunzitsi athu a History. Amakupatsani ndime, mapu kapena chojambula cha m'nyuzipepala, yankho lili momwemo. Ndipo zimene muwerengezo zidzakuthandizaninso tsiku lofunsidwa mafunso a unzika.

GED ili ndi mwayi umodzi umene sindingaukane, dzina. Olemba ntchito ambiri pa fomu amangolemba kuti diploma kapena GED, ndipo mukanena HiSET ena amayamba atukula nsidze. Koma poti pepala lanu lidzakhala ndi chidindo cha state, mumangochonga bokosi lomwelo. Ngati cholinga chanu ndi kudzapitiriza sukulu ku Malawi kapena ku South Africa, lemberani kaye yunivesiteyo muifunse ngati ilandira, musanawononge kobiri.

Pali njira yachinayi imene anthu a ku Indiana ali nayo pakhomo koma saitchula. The Excel Center ndi sukulu ya sekondale ya akuluakulu imene bungwe la Goodwill linayambitsa ku Indianapolis mu 2010, ndipo pano ili m'mizinda ingapo kuphatikizapo South Bend. Ndi yaulere, ili ndi malo osiyako ana mukakhala m'kalasi, ndipo pomaliza mumalandira diploma yeniyeni ya high school, osati yofanana nayo. Vuto lake ndi nthawi. Mumakhala m'kalasi ngati mwana wa sukulu, teremu ndi teremu, ndipo munthu wogwira madabulo kuti atumize fizi ya ana kumudzi sangakwanitse mosavuta. Koma kwa amene analekezera Folomu 1 kapena 2, amene maziko ake ngogwedera, ndingamutumize kumeneko ndisanamutumize ku mayeso aliwonse. Woteroyo akathamangira GED amangolipira kubwereza, ndipo akalephera pepala limodzi katatu amadikira masiku 60 asanayesenso.

Ndiye mukandifunsa, ndikuyankhani motere. Muli ndi MSCE yathunthu, iunikitseni, mayeso asiyeni. Munafika Folomu 4 koma satifiketi inakuphonyani, ndipo kompyuta simuidziwa bwino, funani malo olembera HiSET pa pepala ngati state yanu ikulola, ndipo muzilimbana ndi 10 pa pepala lililonse, osati 8. Ndinu wachinyamata wa zala zothamanga ndipo mukulunjika ku koleji, tengani GED muthamangire 165. Kulikonse kumene mwasankha, makalasi okonzekera musalipire. Pafupifupi dera lililonse lili ndi maphunziro a akuluakulu olipiridwa ndi boma, ku community college, ku laibulale, kapena ku Indiana kudzera ku maofesi othandiza ofuna ntchito a WorkOne. Tsiku loyamba ambiri amakulembetsani kamayeso kotchedwa TABE kongoona pamene muli, ndipo malo ena amapereka mavocha olipirira mayeso enieniwo mukamapezeka m'kalasi mokhulupirika. Funsani za vochayo tsiku lomwelo, chifukwa si onse amene amayamba okha kuitchula.